Mafuta a Nkhosa m'Tsitsi la Ayad

Bwato loyeza madzi linabwerera dzuwa lili paliwombo, nthawi yake isanakwane. Dakhil analionera patali ali pamwamba pa chombo, n'kuwerenga mitu monga ankachitira tsiku lililonse. Atatu akupalasa. Wachinayi wakhala chowerama, manja kumbuyo. Bwana Nazim, mkulu wa asilikali woyang'anira bwatolo, ali kuchiwongolero, chipewa chake chofiira chili bwinobwino pamutu. Kutsogolo, kumene kumaima woponya chingwe, kunalibe munthu.

Woponya chingweyo anali Ayad, mng'ono wake wa Dakhil, wa bere limodzi.

Anamukweza atamukulunga m'thanga lakale. Amalinyero anakhamukira pomwepo, ena akutchula dzina la Mulungu, wophika akulira mokweza ngati mayi. Dakhil anadikira kuti nayenso chisoni chimufike, koma sichinamufike. M'thupi munangoti zii, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Chimene anaona n'chakuti chingwe chokwezera mtembocho chinali chitayamba kutha, ndipo anaganiza zoti akauze anthu achisinthe.

Chombo chawocho, Zumurud, chinali chankhondo cha boma la Iguputo, cha milongoti iwiri ndi mizinga khumi, koma nkhondo sichinaionepo. M'mizingamo amalinyero ankabisamo fodya. Ntchito yake, chaka chachitatu tsopano, inali kukwawa m'mbali mwa Nyanja Yofiira ngati nkhono, kuyeza kuya kwa madzi ndi kulemba pamapu mwala uliwonse umene ungang'ambe zombo za anthu opita ku Maka. Dakhil, wa kwathu ku Kuseiri, ndiye ankalondolera chombocho pakati pa miyala. Ayad ankapita ndi bwato m'malo oopsa, n'kumaponya chingwe chokhala ndi mtovu kunsonga, n'kumafuula mikwamba kuti bwana alembe. Ntchitoyo anamupezera ndi Dakhil yemweyo.

Nazim anaima chilili pamaso pa Kaputeni Hulusi, amenenso anali mlamu wake, n'kufotokoza ngati akuwerenga kalata.

"Tinali pampata wa Miyala Yoyera, bwana, monga munalamulira. Tinaponya mtovu kamakumi atatu ndi kawiri, zonse zili m'bukumu. Kenako Ayad ndi Mabruk uyu anayambana za madzi akumwa. Mabruk ananyamula nkhafi n'kumumenya m'mutu. Anagwera m'nyanja pamodzi ndi chingwe. Mtembo tinauvuula, koma mtovu unamira."

"Ndi choncho?" Kaputeni anafunsa opalasa atatu aja.

Onse anagwedeza mitu, maso ali pamatabwa.

"Iwe Mabruk, uli ndi mawu?"

Mabruk anayang'ana kunyanja. Anali munthu wa ku Suwakini, kapolo womasulidwa, wopanda mbale aliyense amene wina anamvapo. Zoti iye ndi Ayad ankatukwanana tsiku ndi tsiku aliyense ankadziwa, ngakhale ankadyeranso mbale imodzi.

"Basi," anatero Kaputeni. "Maliro tiika pachilumba apo masana ano. Uyu apachikidwa pamlongoti ikatha swala, pemphero la madzulo, dzuwa lisanalowe. A Dakhil, mwini maliro ndinu. Chingwe muyamba kukoka ndinu."

"Ndamva, bwana," anatero Dakhil.

* * *

Dakhil anasambitsa mtembo yekha kuseri kwa thanga, wophika akumuthirira madzi. Manja ake ankagwira ntchito ngati a munthu wina. Anayamba mbali ya kumanja, kenako ya kumanzere. Atafika kumutu, madzi anakana kulowa m'tsitsi. Ankangoterereka n'kugwa pansi.

"Thiraninso."

Wophika anathiranso. Chimodzimodzi.

Dakhil analowetsa zala m'tsitsimo, pafupi ndi bala, n'kumva zonona. Ananunkhiza. Mafuta a nkhosa. Aliyense wa m'chombo choyeza madzi amawadziwa mafuta amenewo. Kunsi kwa mtovu kumakhala kadzenje, ndipo woponya amamatamo mafuta ouma a nkhosa kuti mtovu ukagunda pansi pa nyanja utole zimene zili pamenepo, kaya mchenga, kaya tizigoba. Balalo nalo silinali lalitali monga limakhalira la nkhafi. Linali lozungulira, kukula kwake ngati kukamwa kwa kapu ya khofi.

Nanga nkhafi inayamba liti kupakidwa mafuta a nkhosa?

Anapala mafutawo ndi mpeni n'kuwapaka pakansalu. Sanali oyera. Anali bii, osakanikirana ndi thope lonunkha ngati dzira lowola.

"Mwapeza chiyani, achimwene?" wophika anafunsa akupukuta mamina.

"Thirani madzi."

Zaka makumi awiri Dakhil anali akudutsa pa Miyala Yoyera. Kumeneko kuli mchenga wa mbuu ndi miyala basi. Thope kulibe.

* * *

Pochokera kumanda, chithunzithunzi cha mlongoti chinali chitayamba kutalika. Dakhil anatsikira m'kachipinda ka Bishara, wojambula mapu, Mkhristu wa ku Asiyuti amene pakamwa pake sipankatseka ngakhale akudya.

"A Dakhil! Pepani, pepani ndithu, Mulungu akupatseni mtima. Khalani apa. Ayi, apo ayi, pali inki. Mnyamata uja, mawu ake aja! Akafuula mikwamba ine ndinkamva ndili muno. Mwadya? Simunadye. Ndili ndi zipatso za tende pang'ono."

Dakhil anatambasula kansalu kaja patebulo. "Thope ili ndi lakuti?"

Bishara anali ndi timabotolo tambirimbiri m'mashelefu, tosungira zimene mtovu unatola malo osiyanasiyana zaka zitatu zonsezi. Anawerama, ananunkhiza, anakwinya mphuno.

"Ha! Ili ndingalidziwe ndi kutulo komwe. Khwawa la Ngamila. Kuseri kwa phiri lija, kumene kuli mitengo yomera m'madzi amchere. Gombe lonse lino, ulendo wa masiku atatu uku ndi uku, thope lotere lili pamenepo pokha. Onani botolo ili, si mapasa? Mwalitenga kuti?"

"M'mutu mwa Ayad."

Bishara anabweza botolo lija pashelefu. Anapita kukatseka chitseko.

"Bwato likalowa m'khwawa limenelo, mlonda wa pamlongoti saliona," anatero motsitsa. "Muli mthunzi wabwino."

"Buku la Bwana Nazim lili pano?"

Bishara analitulutsa n'kulitsegula. Dakhil sankadziwa kuwerenga, koma ankadziwa mmene buku la m'bwato limaonekera: lonyowa, lofufuma, inki yomwazika ndi madzi. Masamba akutsogolo anali otero. Akumapeto anali oyera ngati a mlembi wa kubwalo la milandu.

"Masabata atatu tsopano," anatero Bishara. "Ndipo tamverani. Mikwamba khumi, khumi, khumi ndi umodzi, khumi, khumi. Zokongola! Ine ndajambula pansi pa nyanja iyi mpaka maso kufooka, a Dakhil, ndipo sindinaione ikuyala bwino chonchi. Nyanja ino pansi pake ndi mano okhaokha."

"Bwanji simunanene?"

"Ine? Mkhristu mmodzi m'chombo chonse, ndikaneneze mlamu wa Kaputeni kuti akulemba za m'mutu? Mukufuna ana anga akandifunefune m'mimba mwa nsomba?" Anabweza bukulo m'malo mwake. "Simunabwere muno. Munangodzatenga tende."

* * *

Dakhil anamupeza Fargali, mmodzi wa opalasa aja, kutsogolo kwa chombo akupota chingwe chimene sichinkafunika kupota. Anali mlimi wa m'mbali mwa Nailo, wogwidwa m'munda mwake ndi asilikali n'kudzaponyedwa panyanja imene ankaiopa ngati moto.

"Tandiuza mmene zinayendera."

"Ndalumbira pa Mulungu, bambo. Tinali pampata wa Miyala Yoyera monga analamulira. Tinaponya mtovu kamakumi atatu ndi kawiri. Kenako anayambana za madzi akumwa."

"Kamakumi atatu ndi kawiri."

"Eya, bambo."

"Iwe Fargali, umati ukamawerenga mikate ya anzako asanu ndi mmodzi umasokoneza. Lero wafika makumi atatu?"

"Mulungu amatsegula mitu, bambo."

"Tandionetsa manja."

Anawatambasula. Zikhatho zouma, zozizira. Munthu amene walimbana ndi mafunde a pampata kuyambira mbandakucha, zikhatho zimakhala zofiira ndipo zala sizitambasuka. Dakhil anayang'ana pansi, kumapazi. M'zikhadabo munali bii.

"Thope ilo?"

"Ndi lakwathu ilo, bambo, la ku Nailo. Silichoka. Ndinabadwa nalo."

Tsiku lina Dakhil akanaseka. Anangomuyang'ana, osakwiya, osatani, ndipo mwina maso opanda kanthuwo ndi amene anamuthyola Fargali. Anagwetsa chingwe chija n'kuyamba kunong'ona mofulumira.

"Ndili ndi ana anayi, bambo. Anayi, ndi mayi wakhungu. Zikadziwika kuti masabata atatu takhala tikugona mumthunzi bwana akulemba yekha, tonse tipachikidwa, watero mwini wake. Ife tikanatani? Bwana akati palasani kumanzere, mlimi ngati ine ndinene kuti ayi?"

"Anamenya ndani?"

"Sindinaone. Ndinayang'ana kumbali. Ndalumbira, ndinayang'ana kumbali." Anatola chingwe chake. "Kafunseni wa m'maunyolo. Iye alibe choti ataye."

* * *

Pansi pa chombo pankatentha ngati mu uvuni wa mikate. Mabruk anali atatsamira mgolo wa madzi, miyendo ili m'maunyolo.

"Mwabwera kudzayeza khosi, akulu? Ndi lalikulu, muuzeni wa zingwe asaumire."

"Munali ku Khwawa la Ngamila."

Mabruk anadzutsa mutu. "Wakuuzani ndani?"

"Ayad."

"Ee. Pakamwa pake paja." Anaseka pang'ono, kuseka kouma. "Bwana wanu uja amaopa mafunde. Bwato litatsala pang'ono kugubuduzika mwezi watha, sanafunenso kuyandikira mpata. Timalowa m'khwawa, iye n'kumalemba, ife n'kumagona. Ayad naye ankagona, musamuyese mngelo. Koma dzulo tinamva kuti chombo chidutsa pampatapo mawa, ndipo pambuyo pathu zidzadutsa zombo za Haji zopita ku Maka, zodzaza nkhalamba. Lero m'mawa anaima, anaponya mtovu m'thope momwemo, anaukoka, n'kumuonetsa bwana kunsi kwake. Akuti, ‘Uwu ndikauonetsa kwa Kaputeni mmene ulilimu, anene yekha ngati ili ndi thope la ku Miyala Yoyera.’ Bwana anati bwera nawo. Ayad anakana. Analimbirana chingwe. Bwana anachigwira pafupi ndi mtovu n'kuzunguza kamodzi."

"Kamodzi."

"Kamodzi kokha. Mtovu anauponya m'thope. Kenako anatiwerenga: apachikidwe mmodzi kapena anayi, sankhani. Enawa ali ndi ana. Ine ndili ndi yani? Sindinasankhe, akulu, musandiyese wolimba mtima. Anangonditembenukira onse, ine n'kupereka manja."

Dakhil anaimirira kuti azipita.

"Ananena kuti anakuuzani," Mabruk anatero kumbuyo kwake. "Dzana. Anati, ‘Achimwene akudziwa.’"

Zinali zoona. Dzana lake Ayad anamupeza akuyang'ana mtundu wa madzi, n'kuyamba kuti, "Achimwene, zimene tikuchita m'bwato muja sizili bwino." Dakhil sanatembenuke n'komwe. Anati, "Za mabwana usandilowetsemo. Ntchito ndinakupezera movutikira. Ponya chingwe, udye, ugone." Anawakumbukira mawuwo onse, limodzilimodzi, ndi mmene Ayad anaimira pang'ono asanachoke. Anadikiranso kuti chimubaye. Munali zii momwemo, ndipo zimenezi zinamuchititsa manyazi.

Pamwamba, munthu anayamba kuitanira swala ya madzulo.

* * *

Kaputeni Hulusi anali nkhalamba yotopa, yodwala maso chifukwa cha kunyezimira kwa nyanja. Anamvetsera zonse osadula mawu. Anatenga kansalu kaja, ananunkhiza, n'kukabweza patebulo pang'onopang'ono. Nayenso paunyamata wake anaponyapo mtovu.

"Khwawa la Ngamila," anatero yekha.

"Ndiye mumasuleni Mabruk, bwana. Mumange amene anapha."

"Khalani pansi, a Dakhil."

"Ndiima."

"Chabwino, imani. Ndikukhulupirirani. Mwamva? Sindikuti mukunama. Tsopano tamverani mmene ziyendere. Mkulu wa asilikali sindingamuweruze ine, akaweruzidwa ku Suwezi. Kumeneko kukakhala mawu ake, mawu anu, ndi kansalu konunkha. Opalasa atatu alumbira kale. Akasintha mawu, avomera okha kuti ananamiza mapu a boma, ndipo mapepala a masabata awiri anapita kale ndi chidindo changa. Boma likafuna makosi. Silikayamba ndi khosi la mwana wa banja lodziwika. Likapachika anayi aja, Mabruk wanuyo poyamba, ndipo Nazim akamusamutsira ku chombo china."

Izi ndi zimene zimatiwawa ife anthu a m'nyanja. Mwala wobisika pansi pa madzi timautulukira n'kuulemba, koma choonekera poyera chonchi, mabwana amachizungulira ngati palibe.

"Ndiye apachikidwe munthu wosalakwa," anatero Dakhil.

"Pali khomo limodzi, ndipo kiyi wake muli naye ndinu. Mwini magazi akakhululukira wakupha pamaso pa anthu, wakuphayo saphedwa. Ndi lamulo la Mulungu limenelo, ngakhale a ku Suwezi sangalitsutse. Mumukhululukire Mabruk. Ndimutsitsa padoko loyamba, azipita."

"Ndimukhululukire chimene sanachite."

"Eya. Ndipo nkhani ithere pomwepo. M'chombo muno, padoko, kumudzi kwanu, kwa mayi anu omwe. Mawu amodzi akatuluka, akafika ku Suwezi, anayi aja apita."

"Mpata uja?"

"Tiyezanso. Ndipita ndekha m'bwato."

"Nanga Bwana Nazim?"

Kaputeni anapukuta maso ake ofiirawo ndi kansalu. "Ndikabwerera kunyumba ndimakadya chakudya chophika mlongo wake. Musandifunse zambiri, a Dakhil. Dzuwa likupita."

* * *

Amalinyero onse anaima m'mizere. Chingwe chinali chitadutsa kale pamtanda wa mlongoti, mbali ina m'khosi mwa Mabruk, mbali ina itayalidwa pamatabwa kudikira okoka. Amene anawerenga chigamulo anali Nazim, popeza ndiye anali ndi mawu omveka bwino. Anawerenga osaphonya.

Anamupatsa Dakhil nsonga ya chingwe. Anaigwira. Anayang'ana Fargali, amene milomo yake inkayenda popanda mawu. Anayang'ana Bishara ataima kumbuyo kwenikweni. Nazim anali pafupi moti Dakhil ankamva fungo la mafuta onunkhira a m'ndevu zake.

Anaika chingwe pansi.

"Ine Dakhil, mkulu wake wa Ayad, mwini magazi ake," anatero, mawu ake ali wamba ngati akutchula kumene mphepo ikuchokera, "ndamukhululukira munthu uyu amene anapha m'bale wanga. Sindifuna moyo wake, sindifuna dipo. Mboni ndinu nonse."

Kenako phokoso linayamba chapansipansi. Kwathu ku Kuseiri magazi sakhululukidwa tsiku lomwe maliro aikidwa, dothi la pamanda lisanaume. Wophika, amene anathira madzi pamtembo uja, analavula pansi n'kuchoka pamzere. Wina kumbuyo ananena momveka kuti, "Mchenga ukadali m'zala, wagulitsa kale m'bale wake." Anyamata awiri akwathu, amene anakula ndi Ayad, anamutembenuzira misana. Dakhil anadziwa kuti nkhaniyi ikafika kumudzi iye asanafike.

"Mulungu amakonda okhululuka," anatero Nazim mokweza, akupinda pepala lake.

Anamuvula Mabruk chingwe n'kumukankhira kutsogolo kuti athokoze monga mwa mwambo. Anagwada, maunyolo akulira, n'kutenga dzanja la Dakhil kuti alipsompsone. Milomo yake inali youma ngati chikopa. Sanakweze mutu, ndipo amene anali pafupi ankayesa akunena mawu othokoza.

"Mwadziwa zonse, akulu," ananong'ona.

"Ndadziwa."

"Ayad ankati mayi anu ndi okalamba, amakhala pakhomo kuyang'ana matanga. Akakufunsani kuti mwana wawo anamupha ndani?"

Dakhil anayang'ana pamwamba pa mutu wake, kumene bwato lija linkagwedezeka pamadzi, kutsogolo kwake kopanda munthu.

"Ndikawauza kuti ndiwe."

Mabruk anagwira dzanjalo kanthawi. Kenako analisiya.